Tinawerenga anthu pakhomo tisanasaine

Loweruka lina, malipiro atangotuluka, tinaima pamzere wogula nkhuku ndi chipisi pa East Park. Mzerewo unatulukira pakhomo n'kukhota. Mnzathu amene amagwira ntchito yowerengera ndalama sanali kuyang'ana chakudya, anali kuwerenga mitu ya anthu. Titakhala pansi anati, "Anzanga, mwezi uliwonse timabweretsa ndalama zathu kuno. Bwanji nafenso tisaime kuseri kwa kauntala?" Tinaseka, koma pofika usiku nkhaniyo inali itadzaza gulu lathu la WhatsApp.

Tilipo asanu ndi mmodzi, tonse tinakulira ku Chilenje ndi ku Kabwata. Tinayamba ngati chilimba mu 2021, kenako tinaleka kulandirana n'kuyamba kusunga pamodzi. Mu 2023, lamulo litalola anthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo za penshoni ku NAPSA, awiri mwa ife anatapa n'kuponya m'thumba lomwelo. Mnzathu wina wamkazi anabwera ndi ndalama za amai ake, amene anagulitsa puloti ku Chongwe n'kumuuza kuti, "Mwanawe, iwe ndiwe wophunzira, uzisunge bwino." Choncho ndalama imene tinali kukambirana sinali yoseweretsa. Inali ukalamba wa anthu awiri ndi munda wa mzimai wamasiye.

Tinagwirizana kuti tigule franchise m'malo moyamba lesitilanti yathuyathu. Franchise ndi kubwereka dzina la kampani yodziwika kale. Iwo amakupatsa dzina, kaphikidwe, maonekedwe a shopu ndi maphunziro a antchito. Iwe umaika ndalama zako, kulipira renti, kulemba antchito ndi kunyamula chiopsezo chonse. Tinaona kuti n'chapafupi kugulitsa dzina limene anthu amalidziwa kale kusiyana ndi kuwanyengerera kuti alawe nkhuku ya anthu osadziwika.

Dzina loyamba kutuluka pakamwa pa aliyense linali Hungry Lion. Ena mwa ife tinali kuganiza kuti ndi kampani ya kuno chifukwa cha kuchuluka kwa mashopu ake, koma inayambira ku South Africa mu 1997 pansi pa Shoprite, ndipo mashopu ake imayendetsa yokha, sigulitsa franchise. Tinadziwanso kuti Steers, Debonairs Pizza ndi Wimpy, amene tinali kuwaona ngati opikisana, onse ndi a kampani imodzi ya ku South Africa yotchedwa Famous Brands. KFC sitinaiyese n'komwe, thumba lathu tinali kulidziwa. Titalembera makalata uku ndi uku, patebulo panatsala mapepala atatu: pizza ya mu mall, mabaga a mu mall inanso, ndi kampani yocheperako ya nkhuku yootcha imene inali ndi malo pafupi ndi filing'i sitesheni, pamsewu wa maminibasi. Maina awo sititchula, popeza zimene tinapeza si mlandu wa munthu, ndi mmene malondawa amayendera.

Tinaphunzira choyamba kuti ndalama yolowera, imene onse amaitchula pa tsamba loyamba, ndi yaing'ono poyerekeza ndi zotsatira zake. Pamabwera kumanga shopu mmene iwo afunira, makina a kukhichini ochokera kwa ogulitsa amene iwo asankha, renti ya miyezi ingapo yolipiriratu, ndi ndalama zolipira antchito pamene shopu isanayambe kudzidyetsa yokha. Koma chimene chinatikhazika chete ndi royalty, gawo limene mwini dzina amatenga mwezi uliwonse. Gawoli amaliwerengera pa zogulitsa zonse, osati pa phindu. Pepala lina linati pa K100 iliyonse yolowa mu thilu, K7 ndi yawo ndipo K3 ina ndi ya zotsatsa malonda. Mwezi umene wagula nkhuku modula, walipira renti ndi antchito n'kutsala chimanjamanja, K10 ija imapitabe. Mwini dzina amadya ngakhale pamene iwe wagona ndi njala.

Chachiwiri chinali dola. Renti ya m'ma mall onse awiri anatiuza m'madola, ndipo zinthu zina monga makatoni osindikizidwa dzina ndi zokometsera tinayenera kugula kwa iwo, zochokera kunja. Mu 2024 dola imodzi inali itapitirira K25. Kasitomala amalipira m'makwacha, ndipo pangano silikulola kukweza mtengo wa pizza mmene wafunira. Ukagona kwacha n'kugwa usiku, m'mawa renti yakwera koma mtengo pa bolodi uli pomwepo.

Chachitatu tonse tinali kukhala nacho kunyumba. Chilala cha 2024 chinatsitsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumapita maola ambiri tsiku lililonse. Kunyumba umangogula malasha n'kupirira, koma shopu ya zakudya ili ndi mafiliji odzaza nyama amene sayenera kuzima. Tinafunsa aliyense kuti jenereta ndi ya ndani, dizilo alipira ndani. Ku mall anati jenereta ilipo, koma bilu yake imagawidwa kwa ochita renti. Uvuni wa pizza ndi makina a mabaga amene anationetsa anali a malaiti. Nkhuku ija amaotcha pa gasi.

Mapepala onsewa tinapita nawo kwa amalume a mnzathu, amene akhala akugulitsa nyama kwa zaka zambiri. Sanawawerenge n'komwe. Anangofunsa kuti, "Ana inu, pamalo amenewa munakhalapo tsiku la 17?" Tinayang'anana. Iwo anati, "Inu mwaona mzere wa kumapeto kwa mwezi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pitani mukakhale pakhomo Lachiwiri lapakati pa mwezi, muwerenge amene atuluka ndi pepala la chakudya m'manja. Amene angodutsa musawawerenge, amenewo salipira renti."

Tinachitadi zimenezo kwa masabata atatu, mosinthana, aliyense ndi kabuku kake. Ena tinali kupita tikaweruka, ena anapempha tchuthi cha tsiku limodzi. Alonda a pa mall ina anafika potifunsa ngati tikudikira munthu. Zimene zinalowa m'mabukumo zinatichotsa manyazi. Ku mall, Loweruka la malipiro anthu anali kuchita kukankhana, koma pakati pa mwezi ogulitsa m'mashopu oyandikana ndi malo athu anali kungoseweretsa mafoni. Pa filing'i sitesheni panalibe tsiku la chikondwerero, koma panalibenso tsiku lakufa. Madalaivala, makondakitala, anamwino ochoka ku ntchito ya usiku ndi ana a sukulu anali kugula kanthu kakang'ono, tsiku ndi tsiku, kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 21 koloko.

Tinachitanso china chimene makampani sanatiuze kuti tichite. Iwo anatipatsa manambala a anthu amene mashopu awo akuyenda bwino. Ife tinafunafuna munthu amene anatseka. Tinawapeza amai ena amene anayendetsapo franchise kwa zaka zitatu. Sananyoze aliyense. Anangotiuza kuti shopu itatsekedwa, pangano la renti linali lisanathe, ndipo popeza anasaina m'dzina lawo kuti adzalipira ngati kampani yawo yalephera, ngongoleyo inawatsatira mpaka kunyumba. Anati, "Musafunse chabe mmene mulowere. Funsani mmene mudzatulukire." Tinabwerera ku mapepala athu n'kupeza ndime yomweyo m'mapangano awiri mwa atatu aja.

Apa ndipo tinakangana. Mmodzi wa ife anali kufunabe pizza ya mu mall. Ananena zoona zake, kuti sanasunge ndalama zaka zonsezi kuti azikanunkha utsi pa filing'i sitesheni, ndipo dzina lalikulu silifa msanga ngati laling'ono. Mfundo yachiwiriyi inali yomveka, ndipo mpaka lero imatidetsa nkhawa, chifukwa kampani yaing'ono ikagwa, chikwangwani chathu chidzakhala chopanda ntchito. Tinavota, iye anagonja, ndipo anapempha gawo lake. Tinamubwezera lonse. Tikumanabe ku mpira, ngakhale nkhani ya nkhuku sitiiyamba.

Kuchoka kwake kunasiya dzenje m'thumba, ndipo njira yapafupi inali kuthiramo ndalama zonse za puloti ya ku Chongwe. Mwana wa amai aja anali wokonzeka. Enafe tinakana. Tinatengako theka chabe, linalo tinamuuza akaike ku banki m'dzina la amai ake, kumene ife sitingalifikire ngakhale zinthu zitavuta. Chifukwa cha zimenezi tinachedwa miyezi isanu tikusonkhanso.

Tinasankha nkhuku yootcha ija. Renti ndi ya m'makwacha, nkhuku timaloledwa kugula kwa alimi a kuno amene kampani yavomereza, ndipo loya amene tinamulipira kuti awerenge pangano lonse anatithandiza kuti chikole cha renti chikhale cha miyezi yowerengeka, osati nyumba za makolo athu. Kampani tinalembetsa ku PACRA, TPIN tinatenga ku ZRA, ndipo tsopano tikuyenda ku khonsolo kaamba ka ziphaso za zaumoyo.

Funso lomaliza linali lakuti ndani adzatsegula shopu 6 koloko m'mawa, popeza amalume anatichenjeza kuti malonda a zakudya sayendetsedwa pa foni. Mnzathu wowerengera ndalama uja, amene anayambitsa zonsezi pamzere, wapereka kalata yosiya ntchito. Sabata yamawa ayamba maphunziro a kukhichini, kuphunzira kudula nkhuku ndi kutsuka mafiliji pamodzi ndi achinyamata amene adzakhala antchito ake. Kabuku kake kowerengera anthu sanakataye. Akuti adzakaika pafupi ndi thilu, kuti tsiku la 17 likadzafika tidzaone ngati tinawerenga bwino.