Foni ya Eni Ake

Kwa zaka 7 mayiwa ankayenda ndi mafoni awiri m'chikwama, ina yogula okha ku Limbe, inayo yopatsidwa kuntchito. Iliyonse ankaitchula kuti "yanga". Chichewa chimalola zimenezi, pakuti tsinde la -anga silisiyanitsa chimene munthu anagula ndi chimene anangosungitsidwa: timati munda wanga, timatinso ofesi yanga.

Amuna awo atagonekedwa m'chipatala, foni yakuntchito ndiyo inkakhala ndi mayunitsi. Za matenda, za ngongole, ngakhale mawu otsiriza amene malemuwo anajambula pakati pa usiku, zonse zinadzera m'menemo.

Tsiku lopuma pantchito litakwana, mnyamata woyang'anira makompyuta anapempha foniyo pamodzi ndi nambala yotsegulira.

"Koma muli zanga m'menemu, mwana wanga. Si paja amati za pa WhatsApp palibe angaziwerenge?"

"Zikakhala paulendo palibedi, amayi. Zikafika, aliyense wotsegula foni amawerenga."

Mnyamatayo sananame. Kuyambira mu 2016 WhatsApp imasandutsa uthenga uliwonse kukhala zilembo zopanda tanthauzo, ndipo kiyi womasulira amakhala m'mafoni a olemberanawo basi. Ngakhale eni WhatsApp sangaumasulire. Koma kiyiyo ali m'foni, ndipo foni ili ndi mwini. Olemba ntchito ena amaikamonso pulogalamu yowalola kuitseka kapena kufufuta zonse ali kutali.

Malamulo nawo satseka mpatawo kotheratu. Gawo 21 la Malamulo Aakulu a Malawi limateteza makalata ndi mauthenga a munthu kuti asalowereredwe, koma silinena za chipangizo cha abwana. Ku America, mu 2010, khoti lalikulu linagamula kuti akuluakulu a polisi a mzinda wa Ontario, ku California, sanalakwe powerenga mauthenga amene wapolisi Jeff Quon analemba pa kachipangizo kakuntchito, ngakhale ambiri mwa mauthengawo anali a moyo wake wamseri.

Mnyamata uja anawalola kubweza foniyo mawa lake. Usiku wonse mayiwo anakhala pamphasa, kusamutsa mauthenga umodziumodzi kupita m'foni ya ku Limbe, n'kumafufuta. Mawu a amuna awo anawamvetsera kawiri asanawachotse.

M'mawa anaiika pa tebulo la mnyamatayo ndi manja awiri.

"Nayi foni yanu," anatero.