Chofunda cha zitenje za agogo

Nditalumikiza zidutswa za zitenje za malemu agogo kuti zikhale chofunda, ndinkayesa ntchito yatha. Mayi wosoka pa makina aakulu anangochiyang'ana n'kundibwezera. Nsalu yapansi ndinaidula yofanana ndi yapamwamba, chonsecho imafunika kupitirira ndi masentimita 10 mbali zonse kuti makina apeze pogwira. Misoko sindinasite, ulusi uli lendelende. Mapini amene ndinachezera kubaya anati ndichotse, poti nsaluzo amazikoleka payokhapayokha.

Ndinakwiya, ndisaname. Kenako anapukuta chitenje chofiira, chimene agogo ankandiberekera, ndi kansalu koyera konyowa. Kanafiira. Pochapa koyamba chikanathimbiriritsa zidutswa zoyera zonse.

Panopa ndikuchimasula msoko ndi msoko kuti ndichichape pachokha. Yapansi ndagula ina, ndalama ya ndiwo ya sabata ino yathera pomwepo.