Mkangano wa matayala, kuchokera ku Chinsapo mpaka ku Area 23

Mvula inali itagwa usiku wonse, ndipo njira zotulukira mkati mwa Chinsapo kupita kumsewu wa Likuni zinali phala lokhalokha. Sienta imene ndinakwera inangosuntha pang'ono, matayala n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi, matope akuthovukira anthu oyenda pansi. Minibasi yodzaza inatilambalala bwinobwino, kondakitala atatulutsa mutu pawindo: "Amwene, kaguleni matayala!" Dalaivala wathu anangoti duu. Titakwera patala m'pamene anandiuza kuti galimoto si yake. Matayala amagula ndi abwana, iye chake n'kupereka tageti madzulo.

Padepoti ya m'tauni, madalaivala odikira mzere amakonda kukangana za mpira, koma mukangotchula matayala, nkhani ya Silver ndi Bullets imayamba yaima. Bambo wina wachikulire woyenda msewu wa ku Area 25 salola kumva dzina lina koma Dunlop ndi Bridgestone. Akuti pa M1, cha ku Kanengo, ukaponda buleki mvula ikugwa galimoto imakumvera. Mnyamata wa msewu wa Kawale anamudula pakamwa: "Madala, ndalama ya limodzi lanulo ine ndikhoza kubwera ndi awiri a ku China. Dzenje silifunsa dzina la tayala." Anatchula Linglong ndi Triangle. Wina anaponyamo Maxxis, wina MRF ya ku India, aliyense ndi umboni wake. Za phokoso sanazitalikitse. M'minibasi yomwe chitseko chikugwedera, wailesi ili pamwamba, ndani angamve kulira kwa tayala? Phokoso limene amatchera khutu ndi lina: tayala likayamba kung'ung'uza pamsewu wosalala, ndiye kuti ladyeka mosiyana, kapena beringi yatha.

Mnyamata uja sindingamunene. Mphira imalimidwa ndithu ku Vizara ku Nkhata Bay, koma matayala a galimoto timachita kuitanitsa kunja, ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tayala latsopano linasanduka chinthu chokambirana kaye ndi banja. N'chifukwa chake ambiri amathera pakaunjika.

Ku Biwi, kumene magalaji ndi mashopu a zipangizo za galimoto anangondandana, ndinapeza matayala akaunjikawo atasanjidwa milumilu, ena atapukutidwa mpaka kunyezimira. Bambo womata matayala, manja ali bii, anagubuduza limodzi n'kuliimika pakati pa miyendo yake. Mano ake anali akuya, lokongola kuposa onse. "Ili achimwene musalitenge," anatero. Anandionetsa timizere tating'onoting'ono tambirimbiri todulidwa pa dzino lililonse, kenako anakanikiza ndi chala, mphira n'kulowa. Ndi tayala la m'chisanu, la mtundu umene galimoto zambiri zochokera ku Japan zimafika zitavala. Maina odziwika ndi Blizzak ya Bridgestone ndi iceGUARD ya Yokohama. Kwawo limagwira bwino pamadzi oundana chifukwa mphira yake ndi yofewa. Patala yotentha ya mu Okutobala kufewa komweko kumalidya msanga, ndipo pokhota galimoto imakhala ngati ikuyandama.

Kenako analavulira malovu pachala n'kupukuta m'mbali mwa tayala lina, pafupi ndi limu. Panaoneka zilembo zoti DOT, ndipo kumapeto kwake manambala anayi: 2316. Awiri oyambawo ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka; tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 liziyesedwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe, ngakhale mano alipobe. Mphira imauma, m'mbali mumayamba timing'alu, ndipo tsiku lina pamsewu wotentha mumangomva phuu. Pakati pa mano palinso kachitunda kakang'ono. Mano akalingana nako ndiye kuti kwatsala mamilimita 1.6 okha, tayala latha ntchito. Alipo ena ochenjera molakwika, anatero bamboyo, amene amatenga mpeni wamoto n'kusema mano atsopano patayala lakutha. Maso amakhutira, koma mawaya amakhala atatsala pang'ono kuonekera.

Pa zonse zimene ndinamva padepoti paja, palibe amene anatchulapo manambala anayiwa. Anthu amakangana za dzina, pamene tayala la dzina lalikulu lazaka 9 lingakutayeni m'ngalande msanga kuposa latsopano la dzina losadziwika. Chimodzimodzinso chilembo C chimene chimalembedwa pa matayala a minibasi, monga 195R14C: chimasonyeza kuti ndi lonyamula katundu wolemera. Mwini galimoto wofuna kupulumutsa ndalama akaika la galimoto yaing'ono pa Hiace yodzaza anthu ndi matumba a makala, limatentha n'kutupa.

Kuchoka ku Biwi ndinadzera ku Kawale, ndili pampando wakutsogolo wa galimoto ina. Dalaivala ankazemba maenje chiwongolero chikunjenjemera m'manja, ndipo anavomera yekha kuti miyendo ya galimotoyo inapotoka kalekale, moti tayala lakumanzere likutha mbali imodzi. Kaya ndi la kampani iti, likhoza kudyeka chimodzimodzi. Ndinamufunsa kuti abwana akagula atsopano amawaika kuti. Akatswiri amati ngati ali awiri okha apite kumbuyo, kuti galimoto isatembenuke pamsewu wonyowa. Iye anaseka. "Kutsogolo, bambo. Lakutsogolo likaphulika chiwongolero chimakuthawa, komanso atrafiki amayambira komweko kuyang'ana." Akutsogolo akale amapita kumbuyo, lakumbuyo limodzi limakhala lapadera, ndipo lotheratu amaligulitsa kwa anyamata odula malegeni. Tikufika ku Area 23 anaima kaye pa wopopa matayala, okwera tili momwemo, chifukwa lakumbuyo kumanja limachucha mpweya ndipo limafuna kuwonjezera m'mawa ndi masana.