Galimoto ya Banja pa Miseu ya ku Vubwi

Munthu wocokera ku Chipata kulinga ku Vubwi amasiya mseu waukuru wa Great East Road m'mbuyo, nalowa m'dziko la mapiri ndi madambo, kumene minda ya cimanga, nshawa, soya ndi fodya yatambalala kufikira kumalire. Kum'mawa kuli dziko la Malawi, kum'mwera kuli Mozambique. Kuno ndi kwa Acewa a Mfumu Pembamoyo, pansi pa Kalonga Gawa Undi. Kale dera limeneli linali mbali ya boma la Chadiza, koma m'caka ca 2012 Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Michael Sata, analipatula kuti likhale boma palokha.

Zoyendera zimene mlendo akumana nazo kawiri-kawiri ndizo njinga zopalasa, njinga zamoto ndi ngolo za ng'ombe. Koma pakati pa izi adzaonanso magalimoto otalika msinkhu, okoka ndi mawilo onse anai, onga Toyota RAV4, Nissan X-Trail, Honda CR-V ndi Subaru Forester. Eni ake ndiwo aphunzitsi, anamwino, eni masitolo ndiponso alimi amene fodya kapena soya anawayanja. Ambiri a magalimotowa sanagulidwe atsopano ai. Anayamba atumikira zaka zambiri ku Japan, dziko limene magalimoto amayenda kudzanja lamanzere monga m'Zambia muno, kenaka anakwezedwa m'sitima ya pamadzi kufika ku Dar es Salaam, nalowa m'dziko lino pa malire a Nakonde.

Tsiku lofika galimoto yotere pamudzi pamakhala nthungululu. Komatu kugula ndi ciyambi cabe. Nchito yeni-yeni ndiyo kusunga. Akuluakulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Penti wonyezimira sanena za moyo wa injini, ndipo manambala a mitunda imene galimoto yayenda anthu ena osaona mtima amawabweza m'mbuyo. Mwa ici wogula wanzeru amayamba wapita nayo kwa makaniko kuti acotse oilo yense wakale, wa mu injini, wa mu giyabokosi ndi wa mu difu. Ngati injiniyo imayendera lamba wa m'kati, amene pa mitundu yambiri ayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, amasinthiratu osadikira kuti aduke.

Miseu yolowa m'midzi ya ku Vubwi ndi yadothi, ndipo nyengo iriyonse iri ndi bvuto lake. M'cilimwe mdani ndi fumbi. Limatseka sefa ya mpweya, galimoto niyamba kumwa mafuta ambiri koma mphamvu iribe. Tsono sefayo iyenera kuonedwa kawiri-kawiri koposa mmene acitira a m'tauni. Mseu wa mabampu umagwedeza mashoko, kumasula mabauti ndi kung'amba timalabala tophimba mfundo za zitsulo zozunguza mawilo. Kalabala kotere ndi kochipa, koma kakang'ambika gilizi amataika, mcenga nulowa, ndipo posacedwa citsulo conse cimafuna cina.

Pa matayala napo pali lamulo limene ambiri amalidziwa mocedwa. Popeza mawilo onse anai amakoka pamodzi, matayala ayenera kukhala a saizi imodzi ndiponso otha mofanana. Kuika tayala limodzi latsopano pakati pa atatu akutha, kapena kusakaniza masaizi cifukwa ndiwo apezeka pamsika, kumacititsa kuti zitsulo zogawa mphamvu ku mawilo zizilimbana zokha-zokha kufikira zitaonongeka. Ndalama imene munthu anapulumutsa pa tayala amadzailipira kambiri ku garaji.

Mvula ikayamba mu Novembala mpaka Epulo nkhani imasintha. Walira mvula walira matope. Timitsinje timene tinali mcenga wokha-wokha timadzaza mwadzidzidzi, madambo nafewa ngati phala. Apa ndipo galimoto yokoka ndi mawilo anai imaonetsa ubwino wake, pakuti imadutsa poterera pamene yaing'ono ikadatitimira. Ngakhale ziri tero, RAV4 kapena CR-V si thirakita ai, ndipo iribe giya yapadera yokwawira pa malo oipitsitsa monga iri nayo Land Cruiser. Woyendetsa wodziwa amatsika, nayesa kuya kwa madzi ndi ndodo asanaoloke. Madzi akalowa mu injini kudzera polowera mpweya, injiniyo imatha kufa pomwepo. Akalowa mu difu, oilo amasanduka mtundu ngati thobwa, ndipo ayenera kucotsedwa msanga. Ndico cifukwa cake m'galimoto ya kuno simusowa khasu, jeke, cingwe colimba ndi thabwa.

Cina cimene mwini galimoto ayenera kuwerengera ndi mtunda. Citsulo cikathyoka, kawiri-kawiri cimafunidwa ku Chipata kapena ku Katete, ndipo cikasowa kumeneko ciyenera kuitanitsidwa ku Lusaka, makilomita oposa 500 kucokera ku Chipata. Galimoto ingathe kukhala pa njerwa milungu ingapo cifukwa ca kacitsulo kokwana m'thumba la malaya. Cotero anthu amakonda mtundu umene amakaniko a pafupi anauzolowera ndiponso umene masipeya ake sasowa, ngakhale usakhale wokongola kopambana. Mafuta ogulidwa m'zigubu m'mbali mwa mseu nawonso amafuna maso, cifukwa ena amakhala ndi zitsotso kapena madzi. Pamwamba pa izi pali zofuna za lamulo: msonkho wa pamseu ndi cikalata cosonyeza kuti galimoto iri bwino, zimene zimacokera ku bungwe la Road Transport and Safety Agency, ndiponso inshuwalansi.

Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa caka. Banja limene galimoto yake imakhalitsa ndi lija limene limaiwerengera pamodzi ndi feteleza, mbeu ndi ndalama za sukulu pa nthawi yogulitsa zokolola. Matayala, mabuleki ndi batire zimakonzedwa miseu ikali youma, m'thumba mukali kanthu. Ulendo wa ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, umagwa pa nthawi yabwino yoyesera ngati zonse ziri m'malo. Amene adikira kufikira Januwale amapeza kuti ndalama yathera m'munda, ndipo galimoto imagona pansi pa mtengo wa mango, nkhuku ziikiramo mazira.

Kusamala kumeneku sikuli kwa mwini yekha ai. Pamudzi pamene pali galimoto imodzi, citseko ca mwini wake ndico cimagogodedwa pakati pa usiku mai wapakati akabvutika, mwana akakomoka ndi malungo, kapena munthu akalumidwa ndi njoka. Wodwala amene acipatala ca pafupi alephera kumthandiza angafunike kufika ku Mwami, ku Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete. Pa ola lotero palibe wofunsa za mtundu wa galimoto kapena mtengo umene inagulidwa. Cofunika ndi cakuti injini ilire, nyali ziyake, matayala agwire matope. Zimenezi zimatheka pokhapo mwini wake atakumbukira kukonza galimotoyo mu Seputembala, dzuwa likali kuswa mtengo.