Mawanga pa aloe vera

Koma mvula ya kuno ku Tukombo ilibe chisoni ndi aloe vera wa m'zitini. Ndaona pabwalo pena m'mbali mwa msewu wa M5, masamba onse ali mawanga akuda, ofewa. Ameneyo ndi fangasi abale, madzi achuluka basi. Dulani tsamba lodwalalo ndi mpeni woyera, boolani chitini kunsi, dothi musakanize ndi mchenga, kenako chiikeni pakhonde pomwe mvula sifika koma mphepo ikudutsa. Pothirira, thirani m'dothi lokha litauma, masamba asanyowe. Mawanga ouma ofiirira aja ndi ena, limakhala dzuwa lawotcha. Ndamvanso ena akuti amawaza phulusa. Alipo anayesapo, zinathandiza?