Zimene ndatola kwa Mbuya Gwanda ndi anzawo ovula nsalu ya chipani

Kuno ku Kapichira tinakulira m'ndale za Mbuya Gwanda Chakuamba, ngakhale kwawo kunali kumunsi, ku Nsanje. Akalowa chipani, chigwa chathu chimalowa nawo. Akatuluka, tinkapinda nsalu zathu n'kudikira zina. Nazi zimene ndaphunzirapo.

1. Chipani sichikumbukira thukuta la munthu. Gwanda anatumikira MCP ali nduna komanso mkulu wa Apayoniya, koma mu 1980 boma lomwelo linawagamula kukakhala kundende zaka 22. Anatuluka mu 1993, Amalawi atasankha kale ndale za zipani zambiri pa referendamu. Chodabwitsa n'chakuti atapondako ku UDF anabwerera kwa amene anawamangawo, n'kuima ngati wachiwiri kwa Kamuzu pa chisankho cha 1994.

2. Munthu akhoza kusiya chipani, ndale zake n'kukhala zomwezo. Atasemphana ndi John Tembo, Gwanda anachoka ku MCP, nayambitsa Republican Party, naima pa tikiti ya Mgwirizano mu 2004. Atagonja anadandaula kuti awabera, koma posapita nthawi anagwirana chanza ndi Bingu wa Mutharika. Mu 2005 anakhala nduna ya zamalimidwe, chaka chomwecho n'kuchotsedwa, n'kuyambitsanso New Republican Party. Ndinkawakonda, ndipo ndinalira atamwalira mu 2016, koma pa maulendo onsewa sindinaone lamulo limene linasintha mokomera ife ovota. Sidik Mia wa ku Chikwawa naye anayenda ulendo wake, DPP, PP, kenako MCP mu 2017, ife tili pambuyo.

3. Apa ndiye pagona nkhani. Tikamva za phungu wothawa chipani timathamangira Gawo 65 la malamulo a dziko, limene limapatsa Sipikala mphamvu yolanda mpando wa phungu amene walowa chipani china m'Nyumba ya Malamulo. Bingu atasiya UDF mu 2005 n'kukhazikitsa DPP, aphungu ambiri anamutsatira. Khothi la Supreme linagamula mu 2007 kuti gawoli ndi lovomerezeka, ndipo otsutsa anakakamira bajeti kufuna kuti Sipikala ayambe wathotha othawawo. Ife tinkakangana pamsika ngati mlanduwo ndi wathu. Koma taonani: gawo limeneli limateteza chipani. Phungu woganiza yekha limamuopseza, pomwe wogona m'Nyumba, wosaonekera kumudzi zaka zisanu, silimukhudza bola akuombera m'manja bwana wake. Lathu linali Gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe. Aphungu analifufuta okha mu 1995, malamulowo akadali akhanda, ndipo pamenepo zipani sizinakangane kwenikweni. Nyumba ya Seneti, momwe mukanakhala mafumu, anaichotsanso mu 2001 isanakhalepo n'kamodzi komwe.

4. Kukana kumagwira ntchito pa tsiku lovota m'Nyumba, osati pa msonkhano wa atolankhani. Mu July 2002 bilu yochotsa malire a nthawi yolamulira pulezidenti, yokomera Bakili Muluzi, inalephera ndi mavoti atatu okha. Gwanda anali kumbali yokana. Pa zonse zimene anachita, ichi ndicho ndimauza ana anga.

5. Namondwe Ana ataononga damu la magetsi la Kapichira mu January 2022, dziko linakhala m'mdima wa kuthimathima, ife minda ndi nyumba zitapita ndi madzi. M'misasa tinagona limodzi, wa chikasu, wa buluu ndi wa tambala wakuda, ndipo mafunso athu anali amodzi: ufa ufika liti, mlatho akonza liti. Kuyambira pamenepo nsalu ya chipani ndimalandira, akazi anga amaberekera mwana, koma voti ndimasunga.

6. Aliyense wobwera kudzapempha voti, kaya wa chipani kaya woima payekha, ndimamufunsa chimodzi: kodi akakalowa m'Nyumba adzaimika dzanja kuti Gawo 64 libwerere, podziwa kuti likhoza kudzayamba ndi iye? Ambiri amaseka, n'kuyamba kufotokoza za mijigo.