Tsiku Lomwe Ndidasandutsa Bambo Kukhala Nsungwi

Nkhani yomwe ndikufuna kukusimbirani ndi yondichititsa manyazi. Ndidaganiza kangapo zoibisa, koma paja akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ndaona kuti n'kwabwino ndiulule, kuti wina mwa inu asadzagwe m'mbuna yomwe ndidagwamo ine.

Teremu yatha, akomiti ya magazini yathu ino adandisankha kukhala mmodzi mwa otayipa nkhani. Ine, mnyamata wa Fomu 3, ndidadzimva kuti tsopano ndine munthu. Ntchito yanga inali yolandira nkhani zolemba pamanja n'kupita nazo m'chipinda cha makompyuta Loweruka masana. Nkhani za Chingerezi zinkayenda bwinobwino. Koma ndikangoyamba ya Chichewa, tsamba lonse linkafiira ngati dimba la tsabola. Pansi pa mawu ambiri pankatuluka timizere tofiira tokhotakhota. Timizere timeneti tinkandinyansa kwambiri. Ndinkaona ngati kompyuta ikundiseka, ngati mphunzitsi yemwe wachonga kope lonse ndi bolopeni yofiira.

Tsiku lina mnyamata wina wa Fomu 1, wosayankhulayankhula, adandipatsa mapepala awiri ong'amba m'kope. Adati, "Achimwene, chonde musataye mapepalawa, ndilibe ena." Inali nkhani yonena za bambo ake omwe adamwalira iye ali Sitandade 7. Bambowo anali okonza njinga pa msika wa kwawo. Mnyamatayu adalemba momwe adamuphunzitsira kumata chubu ndi kukunga masipoko, ndiponso momwe adamulonjezera njinga yakeyake akadzakhoza mayeso a Sitandade 8. Kunena zoona, pa nkhani zonse zomwe ndidalandira, imeneyi ndiye inali yogwira mtima.

Nditamaliza kutayipa, kudatsala mphindi zochepa kuti belu lilire. Ndidafuna kuti tsamba lioneke loyera, ndiye ndidadina F7, batani lomwe limatsegula bokosi loona kalembedwe ka mawu. M'bokosimo mudatuluka liwu loyamba ndi mndandanda wa mawu ena pansi pake. Sindidawerenge chilichonse. Maso anali pa kompyuta koma mtima unali pa nkhani za mpira zomwe anzanga ankakamba kumbuyo kwanga. Nditaona batani lolembedwa kuti Change All, ndidaganiza kuti limeneli ndilo lichotse timizere tonse. Ndidalidina kamodzi, kawiri, kasanu, mwina kakhumi. Timizere tidayamba kuchepa, ine mtima m'malo. Ndidasunga fayilo, kuitseka, kusindikiza, n'kukamata pepalalo pa bolodi monga mwa mwambo wathu, kuti mwini nkhani akaone ngati zonse zili bwino.

Lolemba m'mawa ndidamva phwete ku bolodi. Nditafika ndidapeza chigulu cha anyamata chikuwerenga mokweza. Paliponse pomwe panali liwu loti bambo padalembedwa liwu la Chingerezi loti bamboo, lomwe tanthauzo lake ndi nsungwi. "Bamboo anga ankakonza njinga." "Ndimawasowa kwambiri bamboo anga." Mayi nawo adasanduka may. Ndidang'amba pepalalo msanga, koma madzi akatayika saoleka. Pofika nthawi ya nkhomaliro mnyamata uja anali atapatsidwa kale dzina loti mwana wa nsungwi. Madzulo ake sadabwere kudzadya.

Aphunzitsi a Chichewa, omwe amayang'aniranso magazini ino, adandiitana. Ndinkayembekeza chilango, koma iwo adangondifunsa kuti, "Kodi iwe, kompyutayi idaphunzira kuti Chichewa?" Ndidangoti kukamwa yasa. Adandikhazika pansi n'kundifotokozera chinthu chomwe ndidayenera kufunsa kalekale.

Anzanga, pulogalamu yoona kalembedwe sidziwa chiyankhulo ayi. Chomwe ili nacho ndi mndandanda wa mawu. Imatenga liwu lililonse lomwe mwalemba n'kuliyang'ana mu mndandandamo. Ikalipeza imangokhala chete. Ikapanda kulipeza imaika kamzere kofiira, kenaka n'kukupatsani mawu a mu mndandanda mwake omwe zilembo zake zikufananako ndi lanulo. Kompyuta yathu inali itatcheredwa pa Chingerezi. Choncho liwu loti bambo idalisowa, n'kupeza kuti bamboo akusiyana nalo ndi chilembo chimodzi chokha. Idachita zomwe idapangidwira kuti izichita. Wolakwa ndidali ine, yemwe ndidavomera osawerenga. Kamzere kofiira sikanena kuti mwalakwa. Kamangonena kuti liwuli mulibe mu mndandanda mwanga. Timizere timeneti tidayamba kuoneka mu Microsoft Word m'chaka cha 1995, ine ndisanabadwe n'komwe, koma tanthauzo lake ndidalidziwa nditapweteka kale mnzanga. Zoonadi, safunsa adadya phula.

Madzulo omwewo ndidayamba kukonza. Poyamba ndidathamangira ku Ctrl ndi Z, mabatani omwe amabweza m'mbuyo zomwe wangochita. Sizidathandize. Mabataniwa amakumbukira zinthu fayilo ikadali yotsegula. Ukaitseka, kukumbukirako kumathera pomwepo. Ndipo popeza ndidasunga zolakwikazo pamwamba pa zabwino, ndidalibe fayilo ina yobwererako.

Kenaka ndidadina Ctrl ndi H, komwe umauza kompyuta kuti ifune liwu lina n'kuikapo lina m'malo mwake. Bamboo adabwerera kukhala bambo popanda vuto. Nditanyadira, ndidalamula kuti may yense asanduke mayi. Taonani tsoka lachiwiri! Mayeso adasanduka mayieso, pakuti kompyuta idapeza zilembo zitatu zija m'kati mwa liwulo n'kuzisinthanso. Mwamwayi fayilo inali ikadali yotsegula, ndiye Ctrl ndi Z adandipulumutsa. Ndipamene ndidaona kabokosi kolembedwa kuti Find whole words only, komwe ukakachonga kompyuta imasintha liwu lokhalo loima palokha. Pomaliza ndidatenga mapepala awiri aja n'kuwerenga mzere ndi mzere, chala pa pepala, maso pa kompyuta. Ntchito yomwe ndidaithawa pofuna kupulumutsa mphindi zisanu idanditengera madzulo awiri. Kuthamanga sikufika.

Tsono kwa inu omwe mudzatayipe Chichewa, landirani malangizo awa kuchokera kwa munthu yemwe adapsa kale.

Choyamba, musanalembe liwu ngakhale limodzi, iuzeni pulogalamu kuti isaone kalembedwe. Mu Word, sankhani zonse ndi Ctrl ndi A, pitani pa Review, kenaka Language, kenaka Set Proofing Language, n'kuchonga pomwe palembedwa kuti Do not check spelling or grammar. Mu LibreOffice Writer pitani pa Tools, kenaka Language, kenaka For All Text, n'kusankha None. Timizere tonse tizimiririka popanda liwu lanu ngakhale limodzi kusinthidwa.

Chachiwiri, musanasinthe zinthu zambiri nthawi imodzi, sungani fayilo ina padera pogwiritsa ntchito Save As, n'kuipatsa dzina lina. Ine tsopano ndimaika nambala kumapeto kwa dzina: nkhani1, nkhani2, nkhani3. Yatsopano ikaonongeka, yakale ilipo.

Chachitatu, batani lililonse lomwe lili ndi liwu loti All muziliopa ngati njoka. Kulidina n'kamodzi, koma limaluma tsamba lonse. Yambani mwawerenga zomwe likufuna kuchita.

Chachinayi, ena mwa inu mumakonda kulemba Malaŵi ndi kadenga pamwamba pa w, koma chilembochi pa kiyibodi palibe. Chilembo chilichonse chili ndi nambala yake mu dongosolo lotchedwa Unicode, ndipo nambala ya ŵ ndi 0175. Lembani u+0175, kenaka dinani Alt ndi X pamodzi, chilembocho chituluka. Musasiye u+ wakutsogoloyo. Mu kawerengedwe kameneka zilembo kuyambira a mpaka f zimatengedwa ngati manambala, ndiye a wa mu Mala akhoza kumezedwa pamodzi ndi 0175 n'kukutulutsirani zachilendo.

Koma funso lina lidakhalabe likundivuta. Ngati vuto ndi mndandanda, bwanji osangoipatsa kompyuta mndandanda wa Chichewa? Ndidapeza kuti ukadina kamzere kofiira ndi batani lakumanja la mausi, pali poti Add to Dictionary, ndipo liwulo limalowa mu mndandanda wakowako. Ine ndi anzanga awiri tidayamba kuthiramo mawu Loweruka lililonse. Posakhalitsa tidazindikira kuti tikutunga madzi ndi dengu. Taonani tsinde loti lemba. Kuchokera pamenepa timapeza ndinalemba, sitidzalemba, akulemberani, tikalemberana, sanalembedwe, mukadamulembetsa, ndi ena osawerengeka. Kwa ife onsewa ndi banja limodzi, koma kwa kompyuta lililonse ndi mlendo wofunika kumulembetsa payekha. Chingerezi chimamwaza ganizo m'timawu tingapo, pomwe Chichewa chimalumikiza aphatikiri ambiri m'liwu limodzi.

Chidandisangalatsa n'chakuti vuto limeneli si lathu lokha. Chiyankhulo cha ku Hungary nacho chimamanga mawu polumikiza zidutswa. Katswiri wina wa kumeneko, László Németh, adapanga pulogalamu yotchedwa Hunspell yomwe imatha kuthana ndi mawu otere. Pulogalamuyi imagwiritsa ntchito mafayilo awiri. Ina, yomwe dzina lake limathera ndi .dic, imasunga masinde a mawu. Inayo, yothera ndi .aff, imasunga malamulo onena kuti mphatikiri uti akhoza kubwera kutsogolo kapena kumbuyo kwa tsinde liti. Hunspell idalowa mu OpenOffice.org m'chaka cha 2006, ndipo LibreOffice, yomwe idayamba mu 2010, imagwiritsanso ntchito yomweyo. Mapulogalamu amenewa ndi aulere, ndipo aliyense ali ndi ufulu woona momwe adalembedwera ndi kuwonjezapo zake. Mafayilo awiri aja ndi malemba wamba omwe ungatsegule ndi Notepad.

Apa ndipamene ndidadabwa. Malamulo a aphatikiri omwe tinkawaona ngati chizunzo m'kalasi ya Chichewa ndi omwewo omwe kompyuta ikufuna kuti iuzidwe. Magulu a maina, aphatikiram'mbuyo, aphatikiram'tsogolo, zonse zija ndinkasinza nazo. Munthu wodziwa kompyuta yekha sangalembe fayilo ya .aff ya Chichewa. Wodziwa Chichewa yekha sangathenso. Pafunika onse awiri, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kafayilo kathu n'kakang'ono kwambiri, ndipo kamalakwitsabe zambiri. Komabe tsiku lomwe ndidalemba tsinde limodzi ndi lamulo limodzi, n'kuona timizere tofiira tikuchoka pansi pa ndinalemba, unalemba ndi tinalemba nthawi imodzi, ndidadumpha ngati ndagoletsa chigoli.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe Ctrl ndi Z sangabweze. Patapita masiku atatu ndidamupeza mnyamata uja ali yekha ku mpopi, akuchapa malaya. Ndidati, "Mphwanga, ndidakulakwira. Sindidachite dala, koma kusasamala kwanga ndiko kwakubweretsera zonsezi. Undikhululukire." Adakhala chete kanthawi, akufinya malaya ake. Kenaka adafunsa kuti, "Achimwene, mapepala anga aja akadalipo?" Ndidawatulutsa m'thumba n'kumupatsa. Adawapinda bwinobwino n'kunena kuti nkhaniyo isatulukenso m'magazini.

Sindidamukakamize. Ndidangomupempha kuti Loweruka abwere adzaone yekha fayilo yokonzedwayo. Adabwera. Adakhala pa mpando wanga n'kuwerenga liwu ndi liwu, ndipo adapeza malo awiri omwe ine ndidaphonya. Adawakonza yekha ndi chala chimodzi, akufunafuna zilembo pa kiyibodi. Atamaliza adati, "Tsopano ikhoza kutuluka." Masiku ano ndi mmodzi mwa ife othira mawu mu mndandanda, ndipo liwu loyamba lomwe adathiramo mukhoza kulilota nokha.

Nkhani yakeyo ili m'magazini yomwe mwagwirayi. Iwerengeni modekha, pakuti ndi yabwino kuposa yangayi. Ndipo kwa anzanga ochepa omwe mukumuitanabe ndi dzina lija, ndikukupemphani kuti mulisiye. Dzinalo lidachokera ku chala changa, osati kwa iye. Ngati pali wofunika kusekedwa, mundipeza m'chipinda cha makompyuta Loweruka masana, ndikuwerenga batani lililonse ndisanalidine.